Mutu wa mayi woyembekezera ukamapweteka: si nthawi zonse ali malungo

M'madera a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi malungo ndi ofala, motero mayi woyembekezera akadandaula mutu, ambiri amathamangira kuganiza za malungo. Komatu mutu wosamva mankhwala ukhoza kukhala chizindikiro cha preeclampsia, limodzi mwa matenda amene amapha amayi ambiri pa uchembere.

Matendawa amayamba mimba ikapitirira masabata 20, ndipo gwero lake ndi nsengwa imene sinakhazikike bwino m'chiberekero. Mitsempha ya magazi imapanikizika, BP imakwera kufika 140/90 kapena kuposa, ndipo impso zimayamba kutaya mapuloteni mumkodzo. Mayi akhoza kudwala osamva chilichonse. N'chifukwa chake bungwe la WHO, mu 2016, linalimbikitsa kuti mayi aonedwe kusikelo kasanu ndi katatu, ndipo BP iyezedwe ulendo uliwonse.

Zizindikiro zosonyeza kuti matenda afika poopsa ndi izi: mutu waukulu wosaleka, kuona mwachimbuuzi kapena tinthu tothwanima, ululu pamwamba pa mimba makamaka pansi pa nthiti zakumanja, kutupa nkhope ndi manja mwadzidzidzi, kukodza pang'ono, kubanika, ndi BP ya 160/110 kapena kuposa. Kutupa mapazi kokha kumachitikira amayi ambiri ndipo si umboni wokwanira.

Amene ali pachiopsezo kwambiri ndi a mimba yoyamba, oyembekezera mapasa, odwala shuga kapena BP, ndi amene anadwalapo matendawa pa mimba ina.

Matendawa akalekereredwa, mayi amakomoka n'kumaphupha ngati wakhunyu. Imeneyi ndi eclampsia, ndipo ikhoza kupha mayi ndi mwana. Kuchipatala amapereka jakisoni wa magnesium sulphate woletsa kukomoka ndi mankhwala otsitsa BP, koma chimene chimathetsa matendawa ndi kubereka. Ngakhale atachira, mayi ayenera kuyang'aniridwa mpaka masabata 6.

Mtunda nawonso ndi vuto. Kuchokera ku Makanjira kufika ku chipatala cha boma ku Mangochi ndi kutali, ndipo nthawi ya dzinja msewu umavuta. Mlangizi wa zaumoyo kapena wodzipereka akaona chizindikiro ngakhale chimodzi, atumize mayiyo kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku la sikelo. Kuchipatalako, ngakhale zotsatira zitaonetsa malungo, BP ndi mkodzo ziyezedwebe, pakuti mayi mmodzi akhoza kukhala ndi matenda onse awiri.