Kupala Moto ndi Kulipira Moto: Mtengo wa Moyo wa Anthu Athu Ogwira Nchito ku England

Mau oyamba

Munthu akamva kuti mbale wake wapeza nchito ku Britain, coyamba amafunsa malipiro, ndipo caciwiri amawasandutsa makwacha. Ciwerengero cimene cimatuluka pamenepo cimakhala cacikulu kotero kuti banja lonse limayesa kuti umphawi watha pa khomo pao. Pakapita miyezi, ndalama nkumabwera mwa apo ndi apo, madandaulo amayamba, ndipo mau akuti "watiiwala" sacedwa kumveka. M'nkhani ino tifuna kufotokoza cifukwa cake masamu amenewa, ngakhale ali olondola, amasoceretsa. Tatenga citsanzo ca anamwino ndi osamalira okalamba ocokera ku Zambia ndi ku Malawi amene ali ku England, ndipo popeza nchito yathu ndi ya zinenero, tidzayang'ana mitengo ya zinthu pamodzi ndi mau amene timachulira zinthuzo. Ganizo lathu ndi lakuti kulemera kwa moyo wa kunja kumaoneka bwino mwa aneni a cinenero cathu kuposa pa mtengo wosinthira ndalama.

Ulendo wakale ndi mau ake

Kukagwira nchito ku dziko la eni si cinthu cacilendo pakati pa olankhula Cinyanja. Makolo athu anapita ku Halale, ku Joni ndi ku migodi ina yambiri, ndipo ulendowo unatisiyira mau. Wenela ndi kafupikitsidwe ka dzina la bungwe lolemba anthu nchito la Witwatersrand Native Labour Association. Komboni ndi mau ocokera ku Cingelezi, ochula malo ogona anchito, ndipo phoso ndi cakudya cimene wanchito amapatsidwa ndi abwana. Boma la Zambia linaletsa Wenela kulemba anthu m'dziko muno mu 1966. Ku Malawi kulembako kunaimitsidwa mu 1974, ndege yonyamula anchito a m'migodi itagwa ku Francistown ndi kupha anthu oposa 70. Mau olemera kuposa onse ndi kuchona. Mchona anali munthu amene anapita osabwerera, osalemba kalata, osatumiza ngakhale bulangete.

Cimene tiyenera kuona apa ndi ici: wa ku Wenela, ngakhale anali kuzunzika ndi kulandira zocepa, pogona ndi phoso anali kupatsidwa, ndipo gawo lina la malipiro ake linali kusungidwa kuti akalandire pobwerera kwao. Conco anali kufika pa mudzi ndi njinga, sutikesi ndi ndalama m'thumba. Cithunzi cimeneci cinakhazikika m'maganizo mwathu, kuti wopita kunja amadya za eni ndipo zake zonse amasunga. Wapaulendo wa lero ali mosiyana. Malipiro amalandira m'manja mwake, koma ciliconse comukhalitsa moyo ayenera kucigula yekha.

Amene amapita ndi zimene amalandira

Mu 2020 boma la Britain linakhazikitsa cilolezo capadera ca ogwira nchito za umoyo, cochedwa Health and Care Worker visa, ndipo mu 2022 linalola kuti osamalira okalamba ndi olumala alowenso pa cilolezo comweco. Namwino, asanavomerezedwe ndi bungwe la Nursing and Midwifery Council, amalemba mayeso a Cingelezi, mayeso a pa kompyuta ndi mayeso osonyeza luso pa odwala, ndipo onsewa ali ndi mtengo wake. Mu 2023 bungwe la World Health Organization linaika Zambia pa mndandanda wa maiko 55 osowa kwambiri ogwira nchito za umoyo, pamene Malawi anali kale pa mndandandawo. Motero olemba nchito a ku Britain saloledwa kubwera kudzakopa anthu kuno, koma munthu akafunsira nchito yekha saletsedwa. Zotsatira zake, ambiri amayenda ulendowu ndi ndalama zao kapena za ngongole.

Tiyeni tsopano tiwerenge. Mu Epulo 2025 malipiro ocepetsetsa amene wosamalira okalamba wocokera kunja anayenera kulandira anaikidwa pa mapaundi 25,000 pa caka. Pa ndalamazi, mapaundi 12,570 oyamba sadulidwa msonkho. Otsalawo, mapaundi 12,430, amadulidwa magawo 20 pa 100 alionse a msonkho wa malipiro ndi magawo 8 pa 100 a National Insurance. Zotsala m'manja ndi mapaundi pafupifupi 21,500 pa caka, ndiko kuti pafupifupi 1,790 pa mwezi, tisanacotse za penshoni. Izi ndi zimene acibale amasandutsa makwacha. Koma m'caka comweco ofesi ya boma yosunga ziwerengero inasonyeza kuti lendi ya nyumba m'dzikomo, poyerekeza zazikulu ndi zazing'ono, inali itapitirira mapaundi 1,300 pa mwezi, ndipo mu London inali itapitirira 2,000. Nyumba yokha ingathe kumeza magawo atatu a magawo anai a malipiro. Ndico cifukwa cake amai amene kuno anali ndi nyumba ya zipinda zitatu, kumeneko timawapeza m'cipinda cimodzi, akugawana khichini ndi bafa ndi anthu osawadziwa. Polowa m'nyumba pamafunikanso cikole, cimene lamulo la mu 2019 linalola kuti cifike pa lendi ya masabata asanu.

Aneni ambiri, mneni mmodzi

Apa ndi pamene cinenero cimatithandiza. M'Cinyanja zofunika za pa nyumba zili ndi aneni akeake. Madzi timatunga, nkhuni timatola, ndiwo timathyola, bowa timazula, mcere ukatha timapempha, khasu timabwereka, mwana timasiyira agogo ake, ndipo moto ukazima timakapala kwa anansi. Mneni aliyense mwa amenewa amachula nchito ya manja kapena ubale wa pakati pa anthu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene amafuna ndalama. Kupala moto makamaka ndi mau ofunika kuwaganizira, pakuti wopala moto sanena kuti adzabweza, ndipo mwini moto saona kuti wataya kanthu.

Munthu akafika ku England, aneni onsewa amagwera mwa mneni mmodzi, kulipira. Madzi a m'mpope ali ndi kalata yake yolipiritsa. Moto wophikira ndi wofunditsa nyumba uli ndi yake. Pali msonkho wa khonsolo wochedwa council tax, umene unayamba mu 1993, umene amalipira wokhala m'nyumba ngakhale nyumbayo si yake. Pa nyumba ya pakatikati unali utapitirira mapaundi 2,000 pa caka mu 2025. Ngakhale kuonerera wailesi ya kanema kuli ndi laisensi, imene mu Epulo 2025 inafika mapaundi 174.50 pa caka. Anthu athu kumeneko anatenga mau a Cingelezi nkuwaika m'gulu la maina a ma-, ndipo amati mabilu, monga momwe timanenera kuti matenda kapena mavuto. Mauwa samveka kawirikawiri ali amodzi, pakuti zinthuzo sizibwera imodziimodzi.

Za moto tinenepo zambiri, cifukwa ndi zimene a kuno samvetsa. Kwa ife cisanu ca mu Juni ndi Julaye ndi nkhani ya juzi ndi mbaula ya m'mawa. Kumeneko kuyambira Novembala kufikira Febuluwale nyumba yosafunditsidwa imadwalitsa, makoma amacita nkhungu, ndipo zobvala zocapa siziuma. Mu Disembala dzuwa mu London limalowa 16 koloko isanakwane. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022, mtengo wa gasi unakwera kwambiri kotero kuti boma linalowererapo mu Okutobala caka comweco, kuti banja la pakatikati lizilipira pafupifupi mapaundi 2,500 pa caka pa gasi ndi magetsi. M'mwezi womwewo kukwera mitengo kwa zinthu kunafika magawo 11.1 pa 100, cinthu cimene cinali cisanacitike kwa zaka 41. Ambiri a anthu athu anafika m'dzikomo m'nyengo yomweyo.

Wina angatitsutse kuti tikuyerekeza mzinda wa ku Ulaya ndi mudzi wa makedzana. Kutsutsaku kuli ndi nzeru. Wokhala ku Matero kapena ku Chawama nayenso amalipira lendi, amagula makala, ndipo madzi amagula pa mpope. Koma ngakhale mu Lusaka aneni akale aja sanafe. Thumba la ufa limafika pa basi kucokera ku Katete, mng'ono wake wa mkazi amabwera kudzathandiza kulera khanda, ndipo mwezi ukatalika mnansi amabwereketsa. Mwambi uja wakuti kupatsa nkuika umafotokoza nkhokwe yeniyeni imene anthu amadalira. Wopita kunja amasiya nkhokwe imeneyi, ndipo kumene wafika nkhokwe ya boma imamutsekera pakhomo, pakuti cilolezo cake cimanena kuti sangalandire thandizo la boma monga Universal Credit, ngakhale msonkho akulipira mofanana ndi eni dziko. Ubwino umene ali nao ogwira nchito za umoyo ndi wakuti sakakamizidwa kulipira ndalama ya cipatala imene alendo ena ogwira nchito amalipira, imene inayamba pa mapaundi 200 pa caka mu 2015 nkufika 1,035 mu 2024.

Mwana, nsima ndi maliro

Pa zonse zimene zimasanduka zolipira, kulera mwana ndi kumene kumapweteka kwambiri. Kuno mwana ndi wa mudzi wonse, ndipo wa zaka khumi amabereka mng'ono wake kumsana popanda wodabwa. Kumeneko kusiyira mwana wamng'ono khanda kungabweretse akuluakulu a boma oona za ana pa khomo. Malo osungira ana masana ndi odula kotero kuti angathe kufanana ndi lendi. Boma limalipirira ana a zaka zitatu ndi zinai maola 15 pa sabata, masabata 38 pa caka, koma nchito ya m'cipatala ndi ya maola 12, usana kapena usiku. Conco mwamuna ndi mkazi amasinthana: wina akamaweruka, mnzake akupita, nkupatsirana mwana pa khomo. Mau akuti mashifiti, amene tinawadziwira ku migodi, alowa m'kati mwa banja.

Cakudya sicibvuta kwambiri monga ambiri amaganizira. Mkate, mkaka, mbatata ya kacewere ndi nkhuku za m'masitolo akuluakulu nzochipa poyerekeza ndi malipiro. Codula ndi kudya monga kwathu. Ufa woyera, kawirikawiri wocokera ku South Africa monga wa Iwisa, umapezeka m'masitolo a Amwenye ndi a anthu a ku Africa, ndipo kapenta, nyemba za kwathu ndi mfutso zimadalira mnzao wobwera ku chuthi. Cibwabwa cimene kuno cimamera cokha pa dzala, kumeneko ndi ndiwo ya pa mwambo.

Maliro ndiwo amaonetsa poyera kusiyana kwa maiko awiriwa. Kuno bokosi, manda ndi cakudya ca olira ndi katundu wa mudzi ndi mpingo. Kumeneko mtembo ungakhale masabata angapo usanaikidwe, ndipo kuunyamula pa ndege kubwera nao kwao kumadya masauzande a mapaundi. Pa cifukwa ici anthu athu anaukitsa kumeneko zimene anazisiya kuno. Amasonkherana pa WhatsApp pakagwa zobvuta, amacita cilimba, cimene a ku Malawi amati cipereganyu, ndipo mipingo ya anthu a dziko limodzi imagwira nchito imene mudzi unali kugwira. Tinganene kuti amayesa kubweza aneni aja amene kulipira kunawameza.

Cingwe ca cilolezo ndi cingwe ca kumudzi

Pali mtengo wina umene sulembedwa pa kalata iliyonse. Cilolezo ca wanchito cimamangidwa pa abwana amene anamuitana. Nchito ikatha, amapatsidwa masiku 60 kuti apeze abwana ena ovomerezeka, apo ai acoke m'dziko. Munthu womangidwa motere sadandaula msanga akamapatsidwa maola ocepa kapena akamadulidwa malipiro. Boma la Britain linalengeza kuti pakati pa Julaye 2022 ndi Disembala 2024 linalanda mphamvu yoitana alendo kwa olemba nchito oposa 470 a m'gawo losamalira okalamba, ndipo anchito oposa 39,000 anakhudzidwa. Mu 2024 osamalira okalamba obwera kumene analetsedwa kutenga akazi, amuna kapena ana ao, ndipo mu Julaye 2025 njira yolembera osamalira okalamba kucokera kunja inatsekedwa. Amene analowa banja lisanawatsatire amasunga nyumba ziwiri ndi malipiro amodzi.

Pa zotsala zocepazo ndi pamene pamacokera ndalama zotumiza kumudzi, za sukulu, za feteleza ndi za mankhwala. Kutumizako nakonso kuli ndi mtengo. Banki ya dziko lonse yakhala ikusonyeza kuti kutumiza ndalama ku maiko a kumwera kwa cipululu ca Sahara nkodula kuposa kwina kulikonse, pafupifupi magawo 8 pa 100, pamene colinga ca United Nations ndi cakuti pofika 2030 zitsike kufika pansi pa magawo atatu. Kwacha ikagwa, monga inagwera ya Malawi ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023, a kumudzi amayesa kuti mbale wao walemera kawiri, osaona kuti mitengo ya kwao yakwera pamodzi ndi paundi ndipo zopempha zao zaculuka.

Mau aja akuti mchona akali kumveka, koma tanthauzo lake lasuntha. Mchona wakale sanali kudziwika kumene ali, kaya ali moyo kaya anafa. Wa lero nkhope yake imaoneka pa foni sabata iliyonse, ndipo adiresi yake acibale ali nayo. Timamva anthu akumucha mchona amene papita zaka zisanu asanabwere ku chuthi, ngakhale ndalama amatumiza mwezi ndi mwezi, ndiponso amene foni ya kumudzi ikalira kumapeto kwa mwezi amaiyang'ana osaiyankha.