Kambale kotsala m'beseni injini itamangidwa kale

M'magalaja a m'mphepete mwa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo, cha ku Chigumula, zimachitika kuti injini yaphwasulidwa, maring'i atsopano alowa, chivundikiro cha kutsogolo chamangidwa, kenako mnyamata wotsuka zitsulo n'kuvuula m'beseni la dizilo kambale kachitsulo kopyapyala, kobooka pakati. Amakaniko amakatcha oil slinger. Ambiri amangoti, "Kasiyeni bwana, Ajapani amachulutsa zitsulo zopanda ntchito."

Ntchito kali nayo. Kambaleka kamavekedwa pa crankshaft, kutsogolo kwa giya ya tcheni, ndipo kamazungulira limodzi ndi injini. Oilo amene tcheni imawaza akafika pamenepo, kamamumwazira kumbali asanaunjikane pa seal ya kutsogolo. Kamapezeka m'mainjini akale a tcheni, monga a Datsun 1200, a Nissan 1400 imene inkapangidwa ku South Africa mpaka mu 2008, ndi a Morris Minor. Ma Hiace a injini ya 3L ndi 5L amayendera lamba, yemwe sakhudzana ndi oilo, choncho mwini minibasi asavutike kukafunafuna.

Ena amaopseza mwini galimoto kuti popanda kambaleka injini igwira isanafike ku Bvumbwe. Izinso n'zabodza. Mabering'i amamwetsedwa ndi pampu ya oilo, ndipo kambaleka sikakhudzana ndi zimenezo. Kanali kofunika kwambiri m'masiku a seal yachiguduli, imene inkanyowa n'kuyamba kudontha. Seal yamphira ya masiku ano imatha kugwira oilo yokha, n'chifukwa chake mainjini ambiri atsopano alibe kambale kotere.

Koma chimene anthu saganizira ndi kuchindikala kwake. Ngakhale ndi kopyapyala, kamatenga malo pakati pa giya ndi pule. Kakasowa, pule imalowa mkati pang'ono, mlomo wa seal umakhudza pena, ndipo lamba wa fani amatha kuyenda chopendama n'kumadyeka m'mphepete. Kukavekanso chozondoka n'koipa kuposa kukaiwala, pakuti kamatha kukhula tcheni kapena chivundikiro n'kugwetsera tizitsulo mu oilo.

Chimene chimandipweteka ine ndi mankhwala amene timathamangira injini ikayamba kudontha kutsogolo: kuthira oilo wolimba ndi kumata silikoni paliponse. Oilo wolimba satseka mpata. Yendetsani chikhadabo pakhosi pa pule, pamene seal imakhudza. Mukamva kangalande, seal yatsopano idzadonthabe, kambale kalipo kapena kalibe. Onaninso kapaipi kopumira injini, chifukwa kakatsekeka mpweya umakankhira oilo panja. Ndipo chivundikiro chikamangidwa pule isanalowe, seal imatha kukhala chopendama.

Tsono bwanji kambale kali m'manja? Ngati injini idakali pansi, masulani pule ndi chivundikiro mukabwezere. N'zochepa poyerekeza ndi kudzakhetsa madzi ndi kuchotsa rediyeta injini itakwera kale m'galimoto. Ngati galimoto ikuyenda, seal ndi yamphira, pule yamangika bwino ndipo pansi m'pouma, sungani kambaleko mpaka tsiku lodzasintha tcheni.

Kwa inu eni magalimoto, musanalipire ndalama yomaliza, pemphani makaniko akuonetseni beseni lotsukira zitsulo, ndipo akufotokozereni chitsulo chilichonse chimene chatsalamo.