Fungo labwino m'nyumba limatsata mphepo: makina aikidwe pamalo pake

TETE – M'maofesi, m'maloja ndi m'nyumba zogona alendo za mumzinda uno, kuyambira ku Matundo mpaka ku Chingodzi ndi ku Moatize, mwafala timakina tokhomedwa pakhoma timene timapopera tokha mafuta onunkhira. Munthu ali chikhalire amangomva "tsii" pamwamba pa mutu wake, kenaka fungo la maluwa kapena la mandimu. Timakinati timayendera mabatire, ndipo mkati mwake mumakhala kachitini kamene kamasinthidwa kakatha. Mayina odziwika kwambiri ndi Glade ndi Air Wick.

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri ndi lakuti fungolo silifika ponseponse. Amene wakhala pafupi ndi makina akuyetsemula ndi kumva mutu, pamene chipinda cha kumapeto chikununkhabe thukuta ndi nsapato. Mwini nyumba amaganiza kuti makinawo ndi ofooka, nagula ena, kapena kuwatchera kuti azipopera pafupipafupi. Ndalama zimapita, vuto lili pomwepo. Kwa mwini pensão amene amadalira madalaivala a magalimoto akuluakulu odutsa pa msewu wa Cuchamano kupita ku Zóbuè, nkhaniyi ndi ya malonda ndithu, pakuti mlendo amene sanagone bwino ulendo wina amakagogoda pa khomo lina.

Choyamba chimene owerenga athu ayenera kudziwa ndi chakuti makinawa amaponya timadontho ta mafuta kadera kochepa chabe. Kuchokera pamenepo ntchito yonse imagwiridwa ndi mpweya umene ukuyenda m'nyumbamo. Kumene mpweya ukupita, fungo likupitanso komweko, ndipo pakona pamene mpweya waima fungo silifikapo ngakhale mutapopera tsiku lonse. Choncho musanakhome msomali, yambani mwaona mmene mpweya ukuyendera. Njira yake ndi yapafupi: yatsani kamtengo ka lubani, muyatsenso ventoinha kapena ar condicionado monga mumachitira masiku onse, ndipo muyende nako pang'onopang'ono m'chipindamo mukuyang'ana utsi. Pamene utsi ukupendekera kulowa mkati mwa chipinda ndi pamalo pabwino. Pamene ukukwera chowongoka, kapena ukuthamangira kuzenera, ndi pamalo potayira ndalama.

Pakati pa zipangizo zonse, chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi ar condicionado, amene kuno ku Tete, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Outubro ndi Novembro, amalira usana ndi usiku. Ambiri mwa iwo ndi a mtundu wa split, aja okhala ndi bokosi limodzi mkati ndi lina kunja. Bokosi la mkati limakoka mpweya wa m'chipinda kudzera pamwamba pake, limauziziritsa, ndi kuutulutsa chakumunsi. Mpweya wakunja silibweretsa ayi. Limangozunguza womwewo.

Poona mphamvu ya mphepo yake, ena amakhoma makina onunkhiritsa pamwamba penipeni pa bokosilo kapena kuwalozetsa kumene limakokera mpweya, poganiza kuti fungo limwazika bwino. Masiku oyamba zimaoneka ngati zatheka. Koma mafuta aja amakakamira pa sefa ndi pa tizitsulo topyapyala toziziritsa, ndipo fumbi limadzamatirira pomwepo. Za fumbi sitifunika kuuza munthu wa ku Tete m'chilimwe, makamaka wa ku Moatize amene amapukuta fumbi lakuda la malasha pa tebulo m'mawa uliwonse. Sefa ikatsekeka, mpweya umadutsa movutikira, chipinda chimachedwa kuzizira, ndipo Credelec imatha msanga.

Malo oyenera ndi pakhoma la m'mbali, mita imodzi kapena awiri kutsogolo kwa bokosilo, pamene mphepo yozizira imadutsa itatuluka kale. Makinawo akhale pamwamba kuposa mutu wa munthu woimirira, ndipo asapopere molimbana ndi mphepoyo, chifukwa mafuta adzabwerera nadetsa khoma. Asayang'ane pampando, pabedi kapena patebulo lodyera.

Popeza chipinda cha ar condicionado chimakhala chotseka, fungo limene lapoperedwa limaunjikana. Apa mpamene masamu amathandiza. Makina ambiri a mtundu umenewu ali ndi kabatani kosankhira nthawi: mphindi 9, 18 kapena 36. Pa mphindi 36 amapopera ka 40 pa usana ndi usiku umodzi, pa mphindi 9 amapopera ka 160. Kachitini kamene kakanatha miyezi iwiri kamatha m'masabata awiri okha. Ndipo ofesi yotsegulidwa maola asanu ndi atatu, makina ake akapanda kuzimitsidwa madzulo, imataya magawo awiri mwa atatu a mafuta ake kununkhiritsa mipando yopanda anthu. Ife tikuona kuti m'chipinda chotseka mphindi 36 n'zokwana, ndipo nthawi zambiri n'zochulukabe.

Chimene chimanyenga eni nyumba ndi mphuno yawo yomwe. Mphuno imazolowera fungo limene ikulimva mosalekeza, ndipo pakapita mphindi zowerengeka imaleka kuuza ubongo za fungolo. Wogwira ntchito amene wakhala m'chipindamo kuyambira m'mawa amanena moona mtima kuti sakumva kanthu, pamene wolowa kumene akuchita kutsamwa. Woyenera kufunsidwa ngati fungo lakwana ndi uyo amene wangochokera panja.

M'nyumba za ventoinha ya kudenga, imene ena amaitcha fani, mpweya umatsikira pakati pa chipinda, umayenda pansi, nukwera m'makoma. Makina okhomedwa pakhoma amapeza mphepo yokwerayo, imene imanyamula fungo kupita nalo kudenga, ventoinha nkuligwetsera pakati. Apa sipavuta kwenikweni. M'nyumba yodalira mazenera, makina akhale mbali imene mphepo imalowera, kuti fungo lidutse nyumba yonse lisanatuluke. Mbaliyo imatha kusintha ndi nyengo, motero si kulakwa kusamutsa msomali. Zitseko za mkati zikakhala zotseka, musayembekezere kuti makina a pabalaza atumikira zipinda zogona.

Ku chimbudzi ndi ku khitchini kumene kuli kachipangizo kokokera mpweya kunja, makina oikidwa pafupi nako amangonunkhiritsa anthu odutsa kuseri kwa nyumba. Akhale pafupi ndi chitseko, kutali ndi kokokerako. Komanso ku khitchini n'kwabwino kusaikako konse, chifukwa tizitini timeneti timakhala ndi gasi woyaka monga butane ndi propane. Pa chitini chilichonse palembedwa kuti chisayandikire moto ndiponso chisakhale pamalo otentha kupitirira madigiri 50. Pansi pa malata opanda siling'i, pazenera lowombedwa ndi dzuwa, kapena m'galimoto yotseka yoimikidwa masana mumzinda uno, kutentha kotero kumafikika mosavuta.

Palinso za umoyo. M'chaka cha 2016, Anne Steinemann wa pa yunivesite ya Melbourne anafalitsa kafukufuku amene anachita pakati pa anthu akuluakulu a ku United States. Pafupifupi anthu 35 mwa 100 alionse ananena kuti zinthu zothiridwa fungo zimawadwalitsa, ndipo pafupifupi 20 mwa 100 anatchula mankhwala onunkhiritsa m'nyumba. Madandaulo ake anali mutu waching'alang'ala, kubanika, kuyabwa kwa maso ndi mphuno, ndi kuyambika kwa mphumu. Ziwerengerozi ndi za dziko lina, koma odwala mphumu tili nawo m'mabanja mwathu, ndipo m'chipinda chodikirira anthu simudziwika amene alowemo. M'chipinda chogona khanda kapena wodwala chifuwa, makinawa asaikidwe.

Tikumbukirenso kuti mafuta onunkhira sachotsa mpweya woipa, amangoupaka fungo lina pamwamba. Chipinda cha ar condicionado chimafunika kutsegulidwa mazenera tsiku ndi tsiku, makamaka m'mamawa kusanatenthe ndiponso fumbi lisanadzuke. Ngati ar condicionado mwini wake akutulutsa fungo la chinyontho, gwero lake kawirikawiri ndi nkhungu yomera pa tizitsulo tonyowa kapena madzi oima chifukwa kapaipi kotayira madzi katsekeka. Sefa itsukidwe ndi madzi pakapita masabata awiri alionse, iume bwino isanabwezeretsedwe, ndipo za kapaipi aitanidwe mmisiri.

Mfundo yomweyi ikukhudza abale athu a kumapiri, ku Angónia ndi ku Tsangano, ngakhale kuti kumeneko chotsekera mazenera ndi chisanu cha Junho ndi Julho. Banja likalowetsa mbaula ya makala m'nyumba ndi kutseka paliponse, fungo la utsi limachenjeza pang'ono kuti mpweya waipa, ndipo kupopera mafuta onunkhira kumabisa chenjezo limenelo. Mpweya wakupha wa m'makala, wotchedwa carbon monoxide, ulibe fungo lililonse. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo umapha anthu ali m'tulo momwemo. Mbaula itulutsidwe panja anthu asanagone, ndipo pamene ikuyaka m'nyumba zenera limodzi likhale lotsegula.