Mtengo Uliwonse Uli ndi Malo Ake M'chigwa cha Shire

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo. Chaka ndi chaka mbande zimagawidwa m'midzi ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje, koma pofika mwezi wa Okutobala, pomwe kutentha kumapyola madigiri 40 ku Ngabu, mbande zochuluka zimakhala zitauma. Mbuzi, chiswe ndi moto wolusa zimaonongadi, koma pali chifukwa china chomwe sitichiganizira kawirikawiri: timadzala mtengo pamalo omwe si ake.

Nkhaniyi ndi yaikulu kwa ife anthu a m'chigwa. Tonse tikukumbukira madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 yemwe adaononga damu la magetsi la Kapichira, ndinso Freddy mu Malichi 2023. Tisanamizane, mitengo singaimitse namondwe. Koma komwe mapiri ndi magombe zili ndi mitengo, madzi amatsika pang'onopang'ono ndipo mchenga wokwirira mitsinje ndi minda umachepa. Kuonjezera apo, mitengo yachilengedwe ikabwerera, mbalame, njuchi, mileme ndi zamoyo zina zomwe zimadalira mitengoyo zimabwereranso.

Dziwani kuti chigwa chathuchi chili ndi malo amitundumitundu, ndipo malo alionse ali ndi mitengo yake.

Poyamba, m'mbali mwa mitsinje monga Shire, Mwanza, Ruo ndi Thangadzi, komwe madzi apansi ali pafupi, muyenera mkuyu, mbawa, msikidzi ndi mvunguti. Mizu ya mitengoyi imagwira gombe kuti lisagumuke. Nkhuyu zimadyetsa mbalame, anyani ndi mileme, ndipo zamoyozi ndizo zimamwaza mbewu za mitengo ina kutali. Kunsi kwa gombe, komwe madzi amawomba, tisiyeko bango ndi nsenjere kuti zitchinjirize mbande zikadali zanthete.

Chachiwiri, m'minda ya m'chigwa, momwe nthaka yake idabwera ndi madzi osefukira, mtengo woyenera ndi msangu. Mtengowu uli ndi khalidwe lodabwitsa: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, choncho sutchinga dzuwa ku chimanga, mapira kapena mchewere, ndipo masamba ogwawo amabwezeretsa chonde m'nthaka. M'chilimwe umaphukanso masamba, ndipo zipatso zake ndi chakudya cha ng'ombe ndi mbuzi pomwe msipu wauma. Mtondo nawo umachita bwino m'malo otere. Bwemba amakonda pachulu ndi pafupi ndi mitsinje.

Chachitatu, pamalo ouma, a nthaka yolimba yadongo yomwe nthawi zina imakhala ndi mchere, pamamera tsanya. Masamba ake amapindana dzuwa likaswa mtengo, potero mtengowu umasunga madzi. Ukadulidwa umaphukanso pachitsa. Mlambe, mfula ndi phingo nazo zimapirira kutentha ndi chilala. Tikadzala mbawa pamalo otere, mwezi wa Okutobala udzaumitsa ntchito yathu yonse.

Chachinayi, m'mapiri ozungulira chigwachi, monga m'nkhalango yotetezedwa ya Matandwe ku Nsanje, nthaka ndi yamiyala ndi yosazama. Kumeneko nkwao kwa mombo ndi mlombwa. Mitengoyi imakula pang'onopang'ono ikachokera ku nazale, koma zitsa ndi mizu yake zimaphuka msanga. Choncho kumapiri ntchito yaikulu ndi kuteteza ziphukira ku moto, nkhwangwa ndi uvuni wa makala.

Chachisanu, tidziwe kuti alipo malo ena osayenera kudzalamo mitengo. Dambo la Elephant Marsh, lomwe David Livingstone adalitcha dzinali mu 1859 ataonako njovu zambirimbiri, lidalowa m'kaundula wa madambo ofunika padziko lonse wa pangano la Ramsar mu 2017, ndipo kukula kwake kumaposa mahekitala 60,000. Chuma cha damboli ndi bango, gumbwa ndi udzu wam'madzi, momwe mlamba ndi makakana zimaswana, ndiponso mbalame zam'madzi zimamangamo zisa. M'mphepete mwake, pouma, ndi pomwe payenera migwalangwa, yomwe imatipatsa mlaza wolukira. Chimodzimodzinso ziyangoyango zisatengedwe ngati tchire lachabechabe: ku Lengwe, komwe kudakhala paki mu 1970, nyama yotchedwa boo imadalira ziyangoyango zotere pobisala ndi podya.

Mwina wina afunsa kuti: nanga nimu, kesha ndi bulugama, poti ndiyo imakula msanga? Sitikunena kuti mitengoyi ndi yoipa. Pakhomo, pasukulu ndi pamunda wa nkhuni imatipatsa mthunzi, milimo ndi nkhuni, ndipo imachepetsa kudula mitengo yam'tchire. Koma nimu ndi kesha kwao ndi ku Asia, bulugama ku Australia. Bulugama amamwa madzi ambiri, choncho sayenera pafupi ndi kasupe kapena dimba, pomwe nimu amafalikira yekha kudzera m'mbalame ndipo atha kupanikiza mitengo yathu. Namasupuni, yemwe adachokera ku South America nadzaza Shire, watiphunzitsa kale kuti chomera chachilendo chikakhazikika nchovuta kuchichotsa.

Tsono tichite chiyani? Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Tisanapemphe mbande, tiyambe tayendera malowo ndi kuona mitengo yakale ndi zitsa zomwe zatsalapo, popeza izo ndizo mboni ya zomwe nthakayo imalola. Tifunse achikulire za mitengo yomwe inalipo kale, tifunsenso alangizi a zankhalango a m'boma lathu. Mbewu titole pa mitengo ingapo ya m'dera lomwelo, osati pa mtengo umodzi. Mbewu ya mbawa ndi msikidzi imafa msanga, choncho ifesedwe ikadali yatsopano. Ya msangu ndi mlambe ili ndi khungu lolimba, ndipo imafunika kuipala pang'ono isanafesedwe. Mkuyu umaphuka ngakhale kuchokera ku nthambi yozika. Tiokere mbande mvula ikakhazikika, tizitchingire ndi minga, tiphimbire patsinde ndi udzu wouma, ndipo tilambule mozungulira moto usanayambe.

Mu 2016 dziko la Malawi lidalonjeza kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka ndi nkhalango zoonongeka pofika 2030. Lonjezo lotere limakwaniritsidwa ndi mitengo yomwe yapulumuka chilimwe choyamba ndi chachiwiri, osati ndi chiwerengero cha mbande zogawidwa. Chiphunzitso chathu chimawerengera mtengo womwe anthu ndi zamoyo zina zikupindula nawo kuti ndi sadaka kwa yemwe adaudzala. Tiyeni tsono m'makomiti a m'midzi ndi m'mizikiti mwathu tilembe malo omwe tikufuna kukonza, mtundu wa nthaka yake ndi mtengo woyenera pamenepo, kuti nyengo yodzala ikafika itipeze tili okonzeka, Insha Allah.