Musanasindikize makadi a ukwati, yambani mwafika ku parishi

Mvula ikatha, anthu atakolola, pafupifupi Loweruka lililonse m'matchalitchi mwathu mumamveka nthungululu. Iyi ndi nyengo ya maukwati. Koma ndi nyengo yomwenso ansembe ndi akatekisti amakumana ndi vuto limene limabwera chaka ndi chaka. Mnyamata ndi mtsikana amafika ku ofesi ya parishi kwa nthawi yoyamba, ndipo m'malo mopempha kuti alembetse ukwati, amatulutsa khadi losindikiza kale, lokhala ndi tsiku, ola ndi dzina la tchalitchi. Holo alipira, oimba alipira, ndipo abale a ku Johannesburg agula kale matikiti a basi. Tsono bambo mfumu akanena kuti tsikulo silingatheke, kapena kuti pali zina zoyenera kuyamba zalongosoka, amene amaoneka wouma mtima ndi wansembe uja. Ena amachoka atakwiya, n'kukamangitsa ukwati wawo kwina, ndipo amakhala zaka zambiri osalandira masakramenti chifukwa cha kapepala kamene kadafulumira kupita kosindikiza.

Khadi loitanira anthu ndi limodzi mwa zinthu zotsiriza pokonzekera ukwati. Chifukwa chake n'chakuti ukwati wa anthu awiri obatizidwa ndi sakramenti, ndipo Mpingo sumanga ukwati usanatsimikize kuti palibe choletsa. Buku la Malamulo a Mpingo la chaka cha 1983 likunena zimenezi mu lamulo la 1066. Kufufuza kumeneku kumatenga nthawi, ndipo palibe amene angadziwiretu tsiku limene kudzathere.

Chofunika choyamba ndi kalata ya ubatizo. Ambiri amadabwa akauzidwa kuti khadi lakale lomwe amayi awo adasunga m'sutikesi silokwanira, ndipo kuti akatenge kalata yatsopano ku parishi kumene adabatizidwira. Izi zili choncho chifukwa Mkatolika akamanga ukwati, nkhaniyo imalembedwanso m'buku la ubatizo, pa dzina lake, monga likulamulira lamulo la 1122. Choncho kalata yolembedwa posachedwa ndi imene imasonyeza ngati munthuyo ali mfulu kapena adamangapo kale ukwati wina. Munthu wobadwira kumudzi koma akukhala m'tauni ayenera kukumbukira kuti tchalitchi la kwawo mwina lidali nthambi chabe pa nthawi ya ubatizo wake, ndipo mabuku adatsalira ku parishi yakale. Kupeza dzina limodzi m'mabuku otere nthawi zina kumatha milungu ingapo, makamaka ngati dzina la ubatizo likusiyana ndi la pa chiphaso cha unzika. Amene sanalandire Ulimbitso amapemphedwanso kuti aulandire asanakwatire, ngati n'kotheka popanda vuto lalikulu.

Kenaka wansembe amacheza ndi awiriwo, nthawi zambiri aliyense payekha. Apa ndi pamene ankhoswe ena amakhumudwa poona kuti atsala panja. Mpingo umalemekeza chinkhoswe, ndipo m'maparishi mwathu ukwati sulembedwa mwachibisira abale a mbali zonse ziwiri asakudziwa. Komabe chimene chimapanga ukwati ndi kuvomera kwa eni ake awiriwo, ndipo lamulo la 1057 likunenetsa kuti palibe mphamvu ya munthu wina aliyense imene ingalowe m'malo mwa kuvomerako. Malume sangavomerere mwana wa mlongo wawo. Mtsikana amene akukankhidwira ku ukwati chifukwa ali ndi pathupi ndipo makolo akuopa manyazi, kapena mnyamata amene waopsezedwa, ayenera kupeza mpata wolankhula momasuka, pakuti ukwati womangidwa mokakamiza kapena chifukwa cha mantha aakulu si ukwati pamaso pa Mpingo. Taganizani tsono kulemera kwa mtima wa mtsikana wotere ngati makadi 300 agawidwa kale. Angalimbe mtima bwanji kunena kuti ayi?

Pali zoletsa zina zimene anthu sazidziwa mpaka atafunsidwa. Pa mwambo wa ambiri a ife, kukwatirana pachisuweni si kwachilendo, koma lamulo la 1091 limaletsa ukwati wa ana a mchimwene ndi mlongo wake, chimodzimodzi ana a abale awiri aliwonse a bere limodzi, pokhapokha Ambuye Episkopi atapereka chilolezo. Ngati mmodzi ndi Mkhristu wobatizidwa mu mpingo wina, pamafunikanso chilolezo. Ngati sanabatizidwe konse, chilolezocho n'chofunika kuti ukwatiwo ukhale woona. Pa zonse ziwirizi, Mkatolikayo amalonjeza kusunga chikhulupiriro chake ndi kuchita zonse zimene angathe kuti ana adzabatizidwe ndi kuleredwa mu Mpingo wa Katolika, ndipo mnzakeyo amayenera kudziwitsidwa za lonjezoli nthawi isanathe. Kalata yopita kwa a Episkopi ndi yankho lake sizichitika tsiku limodzi. Pa nkhani ya msinkhu, lamulo la dziko la Malawi la chaka cha 2015 lokhudza maukwati ndi mabanja lidakhazikitsa zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuchotsa mwayi woti makolo avomereze mwana wosakwana zakazo kulowa m'banja. Katekisti akakayikira msinkhu wa mtsikana, asachite manyazi kupempha chiphaso.

Zikatero mayina amalengezedwa m'tchalitchi, mwa chizolowezi chathu Lamulungu katatu, ndipo kawirikawiri m'maparishi a onse awiri. Mwambo umenewu ndi wakale kwambiri: Msonkhano wachinayi wa ku Lateran udaulamula mu Mpingo wonse m'chaka cha 1215, ndipo Msonkhano wa ku Trent udaulimbikitsa mu 1563, pamene udalamulanso kuti ukwati uzimangidwa pamaso pa wansembe ndi mboni. Kulengeza si kuitanira anthu ku phwando ayi. Ndi funso lopita kwa akhristu onse, ndipo lamulo la 1069 likuti aliyense wodziwa choletsa ali ndi udindo wouza bambo mfumu ukwati usanachitike. Mayi amene adasiyidwa ndi ana kumudzi pamene mwamuna wake akukonza ukwati wina m'tauni amatetezedwa ndi kulengeza kumeneku. Wosindikiza makadi kulengeza kusanathe wayankha yekha funso limene Mpingo ukadafunsabe.

Pa nthawi yomweyi awiriwo amakhala akuphunzira. Papa John Paul II, m'chikalata chake cha 1981 chotchedwa Familiaris Consortio, adafotokoza kuti kukonzekera ukwati kumayambira pa ubwana m'banja, kumapitirira pa nthawi ya unyamata ndi chitomero, ndipo kumatsirizika m'miyezi ndi milungu yoyandikira ukwatiwo. Maphunziro a ku parishi ndi gawo lotsirizali. N'zomvetsa chisoni kuti ena amapita ku misonkhano ya komiti ya ukwati Lamulungu lililonse osajomba, koma ku maphunziro amatumako uthenga wakuti atanganidwa. Kutalika kwa maphunziro kumasiyana malinga ndi dayosizi ndi parishi, choncho funsani kwanu. Ine ndikuona kuti kufika ku parishi kutatsala miyezi isanu ndi umodzi si kufulumira konse.

Tsiku lenilenilo limasankhidwa pamodzi ndi bambo mfumu. Pa Lachisanu Loyera ndi Loweruka Loyera ukwati sumangidwa. M'nyengo ya Lenti, mwambo wa Mpingo umapempha kuti anthu akumbukire kuti ndi nthawi yolapa, ndipo maparishi ambiri salandira maukwati a chisangalalo m'nyengoyi. Popeza Pasaka imasuntha chaka ndi chaka pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo, musadalire kalendala ya chaka chatha. Malo ake ndi tchalitchi la parishi kumene mmodzi wa awiriwo amakhala. Kukamangira ku parishi ina kumafuna chilolezo, ndipo kumangira pa kapinga wa hotela kapena m'mbali mwa nyanja, monga ena ayamba kusirira, sikungachitike popanda chilolezo cha a Episkopi. Safunsa adadya phula.

Tsiku likalembedwa m'buku la parishi, apo ndiye tingakambe za khadi. Khadi la ukwati wachikhristu liyenera kusonyeza chimene anthu akuitanidwira. Makadi ambiri masiku ano amalemba dzina la holo ndi zilembo zikuluzikulu, mtundu wa zovala zimene alendo avale, ngakhale dzina la woyendetsa mwambo, koma Nsembe ya Misa imakhala m'munsi ndi tizilembo tofuna magalasi. Zotsatira zake timaziona tonse: m'mawa m'tchalitchi mumakhala kwaya, makolo ndi anthu ochepa a mu mphakati, pamene masana ku holo mipando imachepa. Komatu ukwati umachitikira paguwa, pamene awiriwo akulonjezana. Ku holo timangokasangalalira zimene zachitika kale. Lembani tchalitchi ndi ola la Misa poyamba, ndi zilembo zooneka bwino, ndipo ola lake likhale lenileni limene mwagwirizana ndi wansembe, osati lina lopeka poganiza kuti anthu amachedwa. Pa Loweruka lomwelo wansembe akhoza kukhala ndi ukwati wina, maliro kapena ulendo wa ku nthambi.

Chilankhulo nachonso n'chofunika kuchiganizira. Palibe lamulo lakuti khadi likhale m'Chingerezi. Ngati agogo amene adakulerani akufuna mdzukulu woti awamasulire khadi la ukwati wanu, mwina ndi bwino kulemba m'Chichewa, kapena m'zilankhulo ziwiri. Ofuna kuikapo mawu a m'Buku Loyera asankhe kuchokera pa mawerengo a Misa yawo yomwe, ndipo atsimikize kuti mutu ndi ndime n'zolondola. Mayina a makolo a mbali zonse ziwiri aonedwe ndi ankhoswe khadi lisanapite kosindikiza, chifukwa dzina limodzi lolakwika kapena loiwalika limatha kuyambitsa chidani chimene chimatha zaka. Uthenga wa pa WhatsApp ndi wotchipa ndipo umafika kutali msanga, koma kwa malume, azakhali, amfumu a m'mudzi ndi akuluakulu a mphakati, ulemu ndi kupita ndi mapazi kukanena pakamwa. Khadi limangotsatira.

Mawu akuti wopanda khadi asabwere, kapena akuti ana asabwere, afala m'matauni, ndipo chifukwa chake n'chomveka: holo ili ndi malire, chakudya chimawerengedwa pa mbale. Koma zidziwike kuti mawu otere amathera pa khomo la holo. Misa ya ukwati ndi pemphero la Mpingo wonse, ndipo palibe mkhristu amene angabwezedwe pa khomo la tchalitchi chifukwa alibe khadi. Ndipo polemba mndandanda wa oitanidwa ku phwando, tiyeni tinene zoona: kawirikawiri cholembera chimathamangira mayina a anthu amene adzaponye zambiri pa perekaniperekani, ndipo mayi wamasiye amene ankakutungirani madzi amayi anu akudwala amakumbukiridwa makadi atatha. Mawu a Ambuye Yesu pa Luka 14:12-14, onena za oyenera kuitanidwa ku phwando, ndi abwino kuwawerenga pa msonkhano wa komiti mndandanda usanatsekedwe.

Malemu Papa Francis, m'chikalata cha Amoris Laetitia cha 2016, pa ndime ya 212, adadandaula kuti kukonzekera ukwati kumathera pa makadi, zovala ndi phwando, kotero kuti akwati amafika pa tsiku lawo atatopa ndiponso ndalama zitatha, ndipo adawalimbikitsa kuti asaope kuchita mwambo wosalira zambiri. Kwathu kuno tikudziwa mabanja amene adayamba moyo wawo ndi katapila chifukwa cha galimoto zobwereka ndi keke ya nsanjika. Tikudziwanso ena ambiri amene akhala limodzi zaka khumi, ali ndi ana, koma sakupita ku Ukaristia chifukwa akudikira ndalama za phwando. Akatekisti awafikire anthu amenewa ndi kuwauza momveka: chimene Mpingo umafuna ndi awiriwo, wansembe kapena dikoni wopatsidwa mphamvu, ndi mboni ziwiri, monga likunenera lamulo la 1108. Diresi loyera, holo ndi makadi sizili m'lamulolo. Lamulo la 848 likunenanso kuti osauka asamanidwe masakramenti chifukwa cha umphawi wawo. Maparishi ambiri amakonza tsiku lodalitsa mabanja angapo pa Misa imodzi, ndipo amene akufuna kulowa nawo akalembetse kudzera kwa akuluakulu a mphakati wawo kapena kwa katekisti wa tchalitchi lawo, atatenga makalata awo a ubatizo.