Nsaru ya Harris Tweed: Maonekedwe a Gombe Alowa m'Ulusi

Kumpoto ca kumadzulo kwa dziko la Scotland, m'nyanja yaikuru ya Atlantic, kuli zisumbu zochedwa Outer Hebrides. Zina mwa izo ndizo Lewis ndi Harris (maina ngawiri koma cisumbu ncimodzi), Uist ndi Barra. Dzikolo nla miyala ndi madambo, mitengo njosowa, ndipo mphepo ya kunyanja iomba pafupifupi caka conse. Dzinthu sizicita bwino kumeneko. Zimene zipirira ndi nkhosa. Koma m'dziko louma mtima lomweli ndimo mucokera nsaru yaubweya imene masitoro a ku London, New York ndi Tokyo aigulitsa pa mtengo wapatali, dzina lace Harris Tweed. Eni ace, m'cinenero cao ca Gaelic, aicha Clò Mòr, ndiko kunena kuti nsaru yaikuru.

Munthu akaiona patali nsaruyi ayesa kuti mtundu wace ngumodzi, wofiirira kapena wotuwa. Akaiyandikiza ku maso apeza kuti m'ulusi umodzi womwewo muli mitundu yambiri. Cifukwa cace ndi ici: ubweya aunyika mu utoto usanapotedwe. Atatero atenga wofiira pang'ono, wobiriwira pang'ono, woyera ndi wacikasu, nausanganiza pa muyeso, naupesa, ndipo pomaliza aupota. Motero mmisiri akhoza kutsanzira cimene aciona akaima pakhomo pace: mcenga woyera wa ku gombe la Luskentyre, madzi obiriwira a m'mbali mwace, thanthwe lotuwa ndi tizitsamba ta m'mapiri tamaluwa ofiirira. Gombe silikhala ndi mtundu umodzi, ndipo nsaru yace nayonso iri comweco.

Makedzana utotowo unkacokera m'dziko lomwelo. Akazi ankapala ndere za pa miyala, zimene azicha crotal, naziphika pamodzi ndi ubweya mumphika waukuru wacitsulo kufikira ubweyawo utafiira ngati katondo. Mitundu yina ankaipeza ku mizu, ku masamba ndi ku mwaye wa m'nyumba. Nsaru ikacoka pa coombera, akazi ankakhala mozungulira thabwa lalitali, nainyika mu mkodzo wogonetsa, namaimenya ndi manja kuti ilimbe, uku akuimba molandizana monga acitira akazi pa mtondo. Zonsezi zinatha. Lero utoto ngwa m'fakitale, kutsuka nkwa makina, ndipo ubweya wambiri ucokera ku mtunda kwa Scotland.

Cimene sicinathe ndico kuomba pa manja, ndipo sicinapulumuke mwa cokha ai. Malonda ace anayamba m'caka ca 1846, pamene Lady Dunmore, mkazi wamasiye wa mwini dziko la Harris, anauza oomba a kumeneko kuti amuombere nsaru, nayamba kuigulitsa kwa anzace olemera. Cinali caka comwe mbatata ya kacewere inaola m'minda ndi kudzetsa njala, kotero ndalama ya nsaru inali moyo weni weni. Nsaruyo itachuka, ena anayamba kuomba yao ya makina ndi kuicha dzina lomwelo. Pofuna kudziteteza, anthu a pa zisumbu anapangana bungwe m'caka ca 1909, ndipo m'caka ca 1910 analembetsa cizindikiro cao, mpira wokhala ndi mtanda pamwamba, cochedwa Orb.

Nkhondo ya dzina siinathere pomwepo. Mafakitale a ku mtunda ankapota ulusi wao ndi kunena kuti nsaru yace nayonso ndi Harris Tweed. Mlandu unafika ku bwalo lalikuru la ku Edinburgh, ndipo m'caka ca 1964 woweruza, Lord Hunter, anagamula kuti nchito yonse iyenera kucitikira pa zisumbu. Zaka ziwiri zitapita, mu 1966, anaomba mayadi oposa 7,500,000, ndipo sanafikeponso pamenepo. Zobvala za nailoni ndi zina zopepuka zinadza, ogula a ku America anacepa, ndipo mafakitale osoka anayamba kukana nsaru yopapatiza ya pa coombera cakale ca Hattersley, cimene cinafika pa zisumbu itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pofika 2009 kuomba kunali kutatsikira pansi pa mayadi miliyoni imodzi.

Coombera catsopano cotulutsa nsaru yotambalala kawiri cinayamba nchito mu 1996, ndipo fakitale ya ku Shawbost, imene inali yotseka, inatsegulidwanso mu 2007. Koma msanamira ya zonse ndi lamulo limene Nyumba ya Malamulo ya ku Britain inakhazika mu 1993. Lamulolo liti nsaru ikhale ya ubweya weni weni wosagwirapo nchito yina, wonyikidwa ndi kupotedwa pa zisumbu, ndi kuombedwa ndi mbadwa kapena nzika ya pa zisumbu pakhomo pace. Alipo amene ati lamulo lotere licedwetsa nchito ndi kukweza mtengo, ndipo sanama. Koma fakitale yaikuru ikadaloledwa kuomba ndi injini, siikadakhala pa cisumbu cakutali cotero, ndipo mabanja a m'midzi ya m'gombe akadaitsata ku mizinda.

Ndico cifukwa cace mpaka lero woomba akhala m'kanyumba pafupi ndi nyumba yace, napalasa coombera ndi mapazi monga njinga, popanda magetsi ocithandiza. Galimoto la fakitale limtulira ulusi, nilidzatenga nsaru ikatha. Itatsukidwa, mlonda wa bungwe la Harris Tweed Authority, limene likulu lace liri ku Stornoway, aiyang'ana kuyambira nsonga yina kufikira yinzace, ndipo akakhutira ndipo aidinda cizindikiro ca Orb ndi simbi yamoto.