Iodoform

Iodoform ndi mankhwala olimba a mtundu wachikasu omwe amaoneka ngati timibulu tonyezimira. Asayansi amawatchulanso triiodomethane ndipo amawalemba mwachidule kuti CHI₃. Molekyulu iliyonse ili ndi atomu imodzi ya kaboni, imodzi ya haidrojeni ndi maatomu atatu a ayodini. Popeza maatomu a ayodini ndi olemera kwambiri, pafupifupi magawo 97 pa 100 alionse a kulemera kwa iodoform ndi ayodini, ndipo mphamvu yake yopha tizilombo imachokera pomwepa.

Maonekedwe ndi chikhalidwe

Iodoform ili m'gulu limodzi ndi chloroform ndi bromoform, koma anzakewo ndi amadzimadzi pomwe iyo ndi yolimba. Imasungunuka ndi kutentha kwa madigiri pafupifupi 120 Celsius, ndipo ndi yolemera kuposa madzi pafupifupi kanayi. M'madzi imasungunuka pang'ono zedi, koma mu ether ndi chloroform imasungunuka mosavuta. Ili ndi fungo lamphamvu lokanirira lomwe kale anthu ankati ndi fungo la kuchipatala. Kuwala kumaiphwanya pang'onopang'ono n'kutulutsa ayodini, n'chifukwa chake imasungidwa m'mabotolo osalowa dzuwa.

Mbiri

Ayodini anatulukiridwa ndi Bernard Courtois ku France mu 1811. Patapita zaka 11, mu 1822, katswiri wina wa mankhwala wa ku France komweko, Georges-Simon Serullas, anapanga iodoform koyamba pomwe ankafufuza mmene ayodini amagwirira ntchito ndi ethanol, yemwe ndi chinthu choledzeretsa chopezeka mu mowa. Mu 1834, Jean-Baptiste Dumas anasonyeza chiwerengero chenicheni cha maatomu omwe ali mu mankhwalawa.

Kapangidwe ndi kuyeza

Iodoform imapangidwa posakaniza ayodini ndi sodium hydroxide pamodzi ndi ethanol kapena acetone. Pogwiritsa ntchito acetone zimachitika motere:

CH₃COCH₃ + 3I₂ + 4NaOH → CHI₃ + CH₃COONa + 3NaI + 3H₂O

Popeza iodoform sisungunuka bwino m'madzi, imadikha pansi ngati nsenga zachikasu ndipo fungo lake limamveka msanga. Mu 1870, Adolf Lieben wa ku Austria anafotokoza mmene izi zingathandizire poyeza mankhwala m'labotale. Nsenga zachikasuzi zimaoneka pokhapokha ngati mankhwala oyezedwawo ali ndi gulu la CH₃CO- kapena gulu la CH₃CH(OH)-. Motero ethanol imatulutsa nsengazi koma methanol, yemwe ndi poizoni wochititsa khungu, satulutsa. Ophunzira a sayansi amagwiritsabe ntchito njirayi posiyanitsa mankhwala ofanana maonekedwe.

Ntchito zake kuchipatala

Mu 1880, dokotala wa maopaleshoni wa ku Vienna, Albert von Mosetig-Moorhof, anayamba kuthira iodoform pa mabala. Ikakhala pa chilonda imatulutsa ayodini pang'onopang'ono, ndipo ayodiniyo ndiye amapha tizilombo toyambitsa matenda. Pa nthawi ya Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, dokotala wa ku Britain, Rutherford Morison, anasakaniza iodoform ndi bismuth komanso mafuta a paraffin n'kupanga mankhwala opaka otchedwa BIPP othandizira asilikali ovulala.

Pambuyo pake kunabwera mankhwala ena abwino monga penicillin, ndipo ntchito ya iodoform inachepa. Masiku ano imapezekabe kwa madokotala a mano, m'mabandeji olowetsa m'zilonda zakuya, pa chithandizo cha makutu ndi mphuno, komanso m'mankhwala ena a ziweto.

Kuopsa kwake

Iodoform ikapakidwa yochuluka pa bala lalikulu imalowa m'magazi ndipo ingayambitse kusanza, kuthamanga kwa mtima ndi kusokonezeka mutu. Anthu ena amatuluka zidzolo akaikhudza. Pa chifukwachi siyenera kumwedwa kapena kupakidwa popanda malangizo a dokotala.